Kolasi ya Nthenga

Ndinafika ku Perth dothi la pa manda a amuna anga lisanaume. Ana anga anapangana okhaokha kuti si bwino ndikhale ndekha m'nyumba ija, ndipo wamkazi, amene ndi namwino pa chipatala chachikulu cha ku Murdoch, ndiye ananditenga. Atandiuza kuti ndilongeze katundu ndinalongeza, ndipo m'ndege ndinakhala pa mpando wa pawindo umene anandionetsa.

Chiyambire tsiku la maliro mtima wanga unali utachita dzanzi, monga umachitira mwendo munthu akaukhalira nthawi yaitali pa mkeka. Misozi sinabwere pa siwa, sinabwerenso ku manda, ndipo alamu anga ena ananong'onezana za chimenechi. Nyimbo nayo inandithawa. Kwathu, kuyambira pa utsikana wanga ku mishoni kufikira pamene ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ine ndinali woyambitsa makolasi pakati pa amayi a mpingo. Kolasi ilibe buku. Mmodzi amayambitsa, ena onse amavomera, kenaka manja ndi mapazi zimalowerera zokha. Woyambitsa akaponya mawu ena osavomera, amatsala ali chiimire ngati munthu wopereka moni m'nyumba yopanda anthu. Zimenezo zinali zisanandichitikirepo. Koma chiikire amuna anga, ndinkatsegula pakamwa m'tchalitchi osatuluka kanthu.

Nyumba ya mwana wanga ili ku Canning Vale. Iye ankapita ku shifiti yake ku chipatala, mkamwini wanga ankalawirira ku msika waukulu wa zipatso ndi masamba kumene amagwira ntchito, ndipo adzukulu ankapita ku sukulu. Adzukuluwo ndikawalankhula Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno chimene ine, ngakhale ndinaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ndimachitola mawu amodziamodzi. Usana wonse ndinkakhala pakhonde la kuseri ndikuyang'ana mpanda wa malata.

Kuseri kwa mpandawo kunali mtengo wa mandimu, ndipo mwini wake anali mayi wachizungu wokalamba koposa ine, woyenda ndi ndodo ya miyendo inayi. Adzukulu anga ankawatcha agogo a mandimu. M'mawa uliwonse ankaika mandimu angapo pamwamba pa mpanda, ndipo tsiku lina anandipeza ndikuwatenga, nkundiitanira tiyi. Kuyambira pamenepo ndinkapita kwawo dzuwa likapendeka. Sankandifunsa ngati ndikupeza bwanji mumtima, ndipo n'chifukwa chake ndinkapitako. M'dziko lonse lino munthu amene ndinkacheza naye masana anali yekhayo. Ndiye amene ndinatsala pang'ono kumuchititsa manyazi pamaso pa gulu chifukwa cha liwu limodzi.

Tinkacheza m'Chingerezi. Iwo ankaseka kuti ndimalankhula ngati muulutsi wa pa wailesi wa masiku akale. Tsiku lina anandifunsa chimene ndinkakonda kuchita kwathu, ndipo ndinati ndinkaphunzitsa ana, komanso ndinkatsogolera makolasi. Liwu limeneli tinalibwereka kwa azungu omwewo kalekale, kotero ndinangolibwezera m'katchulidwe kawo. Anaika kapu pansi.

"Inu? Kolasi?" anatero. "Mayi anga anali m'kolasi. Zaka zonse za pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija."

Ndinawafunsa ngati ankavala zofanana.

"Zofanana ndithu, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Makamaka kumutu."

Ine m'maganizo ndinaona maduku oyera. Ndinafunsa ngati ankavinanso.

"Kuvinako ndiye kunali ntchito yeniyeni. Mawu anali ongoperekeza."

Apa ndinadabwa pang'ono, pakuti azungu amene anatilera ife ku mishoni sankafuna kuona ngakhale phewa likugwedezeka m'nyumba ya Mulungu. Ndinangoti mwina mayi awo anali a mpingo wina umene unatsegula maso msanga. Anandiuza kuti gulu lawo linkakwera sitima kudutsa chipululu kupita ku mizinda ya kum'mawa, kugona m'nyumba za alendo zotchipa, lero kuno mawa uko. Ine ndinaona misonkhano ya chitsitsimutso. Anandiuza za mayi wina waukali amene ankayenda ndi kandodo kuwongola mzere, ndipo ine ndinakumbuka mkazi wa m'mishonale amene ankayeza masiketi athu ndi lula. Chilichonse chimene ananena chinalowa bwino m'chimene ndinkachidziwa kale.

Mpingo wathu kuno ndi wa Amalawi ndi anzathu ochokera ku Zambia, ndipo timabwereka holo ya sukulu ina. Amayi anakonza Loweruka lina kuti likhale lokumbukira amayi athu amene anatsogola: aliyense abwere ndi kanthu ka mayi ake, anene mawu pang'ono. Ine ndinalibe chobweretsa, pakuti zonse ndinazisiya kwathu. Mayi wapampando atandifunsa, ndinati ndili ndi mnzanga wachizungu amene mayi ake anali katswiri wa makolasi, woyenda dziko lonse lino. Amayi anaomba m'manja. Anati ndibwere naye, adzakhala mlendo wolemekezeka.

Nditawauza agogo a mandimu, anandiyang'ana modabwa.

"M'tchalitchi?" anafunsa. "Mwawauza chimene mayi anga ankachita?"

"Ndawauza."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Aomba m'manja."

Anavula magalasi nkuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa juzi. Anandiuza kuti ali mwana anaphunzira pa sukulu ya mpingo, ndipo aphunzitsi anawalangiza kuti wina akafunsa za ntchito ya mayi awo azinena kuti amasoka zovala. Ananena bodza limenelo mpaka linakhala ngati dzina lawo lachiwiri. Pa maliro a mayiwo, mbusa anati malemu anali mayi wa pakhomo wofatsa, ndipo za kolasi sanatchuleko ngakhale kamodzi. "Chibadwire changa sindinanenepo za mayi anga pamaso pa anthu opemphera," anatero. Misozi inatsika m'masaya mwawo. Ine ndinaiyang'ana monga munthu amayang'anira mvula ikugwa pa munda wa mwini. Mumtima ndinati kulimbana kwa mipingo kuli kulikonse, pakuti ndi kwathu komwe ndinaonapo mbusa akukana kutchula ntchito zabwino za munthu chifukwa anali wa mpingo wina.

Lachisanu masana anandiitana kuti ndiwathandize kutsitsa bokosi pamwamba pa kabati ya zovala. Linali lopepuka. Atatsegula munatuluka fungo la mankhwala ophera njenjete. Pamwamba panali chisoti cha nthenga za nthiwatiwa, zazitali ngati mkono wanga, zimene kale zinali zoyera koma tsopano zinali ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Pansi pake panali nsapato zokhala ndi tizitsulo kunsi. Kenaka anatulutsa kansalu ka mikanda ndi tinthu tonyezimira, ndipo ine ndinayesa kuti ndi kachikwama.

"Iyi ndiye inali yunifolomu," anatero.

Anandipatsa chithunzi. Panali atsikana ambiri pa mzere umodzi, atagwirana m'chiuno, aliyense mwendo umodzi uli m'mwamba kufika pa mapewa. Ntchafu zonse zinali pamtunda. Onse ankamwetulira mofanana, ngati kumwetulirako anachita kuwagawira pakhomo.

"Mayi anga ndi awo a kumapetowo. Anali aafupi, ndiye ankawaika kumapeto."

Pamenepo ndinamvetsa. Kolasi yawo inali ya m'nyumba za zisudzo, kumene amuna ankalipira pakhomo kuti akaone miyendo. Ku mishoni akazi otere tinkauzidwa dzina lawo motsitsa mawu, ndipo kwathu ntchafu ya mkazi siionekera pa gulu ngakhale nyumba ikupsa. Ndinadikira kuti ndimve manyazi, kapena mantha, kapena mkwiyo, koma sizinabwere. Ndinangogwira chithunzicho ndikuona kuti pakona pake panali potafunidwa ndi njenjete.

Iwo sanazindikire kanthu. Anakhala pa bedi nkuyamba kufotokoza zimene sanafotokozepo. Maina a atsikana a mzerewo sankalembedwa pa zikwangwani. Ankalemba a oseketsa anthu ndi a oimba okhaokha. Mtsikana akatenga pakati ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, kotero mayi awo anadzimanga nsalu pamimba miyezi ingapo ali ndi pakati pa iwowo. Atabadwa, anasiyidwa kwa azakhali awo, ndipo mayi awo ankawaona gulu likabwerera ku Perth. Bambo awo ankagwira ntchito ku doko, ndipo anafera komweko katundu atawagwera. Uthenga unawapeza mayiwo ku mzinda wakutali, masana, akupaka mankhwala kumaso. Madzulo ake anavina.

"Panalibe wolowa m'malo mwawo, ndipo mzere ukaperewera mmodzi umaoneka," anatero agogo a mandimu. "Ndinadzawafunsa nditakula kuti, Mayi, munatha bwanji? Anati sanamve kanthu. Anati miyendo inkadziwa yokha, nkhope nayo inkadziwa yokha. Anati anatha nthawi yaitali osamva kanthu, ndipo anzawo ankawanena kuti ndi ouma mtima."

Ndinabwezera chithunzi m'bokosi. Ndikanatha kuwauza pomwepo kuti pachitika kusamvana. Ndikanatha kunena kuti abweretse nsapato zokha. Anali atatulutsa kale diresi la mawa nkulipachika pa chitseko, ndipo anali atapita kokakonzetsa tsitsi. Ndinamwa tiyi wanga nkutsanzika.

Mwana wanga atabwera ku ntchito ndinamufotokozera ali kuvula nsapato. Poyamba anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka anakhala pansi pa khomo la kukhitchini.

"Amayi! Kolasi gelo! Aja ovina miyendo m'mwamba aja! Ndiye inu mumati anali a bungwe la amayi?"

"Anandiuza kuti ankavala zofanana."

"Zofanana, eya!" Anapukuta misozi ya kuseka, kenaka nkhope inasintha. "Koma dikirani. Mwawaitanira mawa? Pamaso pa mayi wapampando uja, amene anabweza mwana wa eni pakhomo chifukwa siketi inalekezera m'mawondo?"

"Ndawaitana."

"Ayi, Amayi. Ndiimbe foni, tinene kuti agogo sakupeza bwino."

"Akupeza bwino. Akonzetsa tsitsi."

"Nanga mukachita chiyani akatsegula bokosilo?"

Ndinati sindikudziwa, ndipo chinali choona.

Loweruka mwana wanga anatitenga tonse pa galimoto. Agogo a mandimu ananyamula bokosi pa miyendo njira yonse. Mu holo amayi anali atavala mabulauzi oyera ndi maduku, ndipo mlendo anamukhazika kutsogolo, pambali pa mayi wapampando. Ine ndinakhala kumbuyo kwake. Mwambo unayenda chonchi: mayi aimirire, aonetse kanthu ka mayi ake, anene mawu, ndipo akamakhala pansi wina ayambitse kolasi, onse aimirire azungulire pa mzere. Wina anabweretsa chitenje chothetheka, wina buku la nyimbo lopanda chikuto, wina chipande chimene anadutsa nacho pa bwalo la ndege atachibisa m'masokosi. Aliyense analandira kolasi yake. Agogo a mandimu ankaomba m'manja mophonya, ndipo anatembenuka nkundinong'oneza kuti, "Aliyense akumuimbira nyimbo. Ndi zokongola bwanji."

Nthawi yawo itakwana, anaimirira ndi ndodo yawo. Analankhula m'Chingerezi, chimene amayi onse kuno amamva. Anathokoza, nkunena kuti akhala akudikira tsiku lotere moyo wawo wonse. Kenaka anatsegula bokosi natulutsa chisoti cha nthenga. Amayi ena anati, "Ii, zokongola," pakuti anali asanadziwe kumene nkhani ikupita. Atakweza kansalu ka mikanda kaja, holo inazizira. Chithunzi chinayamba kuyenda m'manja, ndipo aliyense ankachipereka kwa mnzake mofulumira ngati mbale yotentha.

Mayi wina wa ku Zambia, wonenepa, wa pakamwa posachedwa, analephera kudzigwira.

"Iye mayo! Ivi ni vovala, olo ni kansalu kopukutila magalasi?"

Ena anaseka m'manja, ena anamugunda ndi chigongono. Wina kumbuyo anati, "Atibweretsera za ku bala m'nyumba ya mapemphero." Mayi wapampando anapendekera kwa ine osatembenuza mutu.

"Mayi, kodi kolasi munkanena ija ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi," ndinayankha.

Agogo a mandimu sanamve Chichewacho, koma munthu amene anakula akunamiza anthu za mayi ake sasowa womasulira. Mawu awo anayamba kuchepa. Anafotokozabe za mayi waukali wa kandodo, za sitima ya m'chipululu, za tsiku la uthenga wa ku doko, koma ankalankhula akuyang'ana m'bokosi. Atamaliza anakhala pansi nkuika chisoti pa miyendo.

Apa ndi pamene kolasi inayenera kulowa. Palibe anayambitsa. Amayi amene masana onse ankalimbirana kuyambitsa anali kuyang'ana zikhadabo zawo. Mayi wapampando anakonza kukhosi.

"Zikomo mlendo wathu. Wotsatira ndani?"

Ndinaona khosi la agogo a mandimu kuchokera kumbuyo, tsitsi lokonzedwa dzulo lija, ndi manja awo akusalaza nthenga. Anali ataona kuti aliyense analandira nyimbo, ndiye sakanalephera kuona kuti iwo okha awadumpha.

Sindinganene kuti ndinalimba mtima, pakuti mtimawo sindinkaumva. Zaka zonse zija thupi langa linazolowera kuti munthu akanena za malemu ake nkukhala pansi, mpata umenewo susiyidwa wopanda kanthu. Ndinapezeka nditaimirira. Ndinatsegula pakamwa monga ndinkachitira Lamulungu lililonse, ndipo ulendo uno mawu anatuluka. Anali ouma, okanda kukhosi, otsika kuposa pamene ndinkayambira kale. Inali kolasi wamba ya pa maliro, imene mwana aliyense kwathu amaidziwa.

Ndinaponya mzere woyamba. Palibe anavomera.

Ndinauponyanso. Ndinamva mpando wina ukulira, ndi galimoto ikudutsa panja. Ndinadziwa kuti chimene ndinkachiopa zaka zonse za kuyambitsa kwanga chandipeza ku dziko la eni, ndipo ndinadabwa kuti sichinkapweteka. Popeza sichinkapweteka, panalibe chondikhazika pansi. Ndinaponya kachitatu.

Anavomera ndi mayi wa ku Zambia uja, ndi mawu aakulu ngati a mwamuna. Mwana wanga anatsatira, kenaka ena a kumbuyo, ndipo kolasi ikagwira amayi angapo enawo mapazi awo sawafunsa chilolezo. Mzere unayamba kuzungulira. Ena anatsalabe pa mipando atapinda manja, ndipo mayi wapampando anakhala chikhalire akuyang'ana pepala la ndondomeko. Mzere utafika kutsogolo, mayi wa ku Zambia anatenga chisoti pa miyendo ya mlendo nkuchiika pamwamba pa duku lake.

"Tiyeni, ambuya, imani! Osati miyendo mumwamba, ise tilibe inshuwalansi!"

Agogo a mandimu sanamve mawuwo, koma anaona dzanja. Anaimirira, nalowa kumapeto kwa mzere ndi ndodo yawo ya miyendo inayi, akukoka mapazi pang'onopang'ono. Nthenga zinkagwedezeka patsogolo pawo ndipo fumbi lake linkaoneka m'kuwala kwa pawindo. Ine ndinapitiriza kuyambitsa mpaka mzere unabwerera pamene unayambira. Mawondo ankandiwawa. China chimene ndinamva sindikuchikumbuka.

Pa nthawi ya chakudya amayi ena anabwera kudzaonanso chithunzi, tsopano mosafulumira, nkumafunsa kuti mayi awo ndi ati. Ena sanayandikire. Mayi wapampando anandipatsa moni wa nsonga za zala, ndipo kufikira lero sanandipemphenso kuti ndibwere ndi mlendo.

Pobwerera, titalowa mu msewu wa kwathu, agogo a mandimu anandifunsa osandiyang'ana.

"Simunkadziwa, eti? Tsiku lija munandiitana."

"Sindinkadziwa. Kwathu kolasi ndi imene mwaiona ija."

"Munadziwa liti?"

"Dzulo, mutatsegula bokosi."

Anagwedeza mutu. Anafunsa chimene mayi wa kutsogolo uja anandinong'oneza, ndipo ndinawauza kuti anafunsa ngati kolasi ndinkanena ija inali imeneyo.

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati ndi imeneyo."

Mwana wanga anawathandiza kutsika nawanyamulira bokosi mpaka pakhomo. Atabwerera anandipeza ndikadali m'galimoto, lamba ndisanamasule.

"Amayi, mwaimba lero," anatero.

"Ndinadzimva," ndinayankha.

Sindinalire tsiku limenelo, ndipo Lamulungu lake m'tchalitchi mawu anakananso kutuluka. Lolemba m'mawa, onse atapita, ndinatuluka pakhonde la kuseri. Pamwamba pa mpanda panali mandimu monga mwa masiku onse. Ndinawatenga, ndipo dzuwa litapendeka ndinapita kukamwa tiyi.